Mikanda ya Likongwe pa Khosi la Nkhanga

Padangokhala, ndipo inu mukavomera kuti tili tonse ine ndipitiriza, Nkhanga ndi mng'ono wake Nkhwali, ana a chisa chimodzi. Masiku amenewo khosi la Nkhanga silinali lambulanda ngati mmene mukulionera leromu. Linali ndi nthenga zosalala kuchokera kuchibwano mpaka pachifuwa, ndipo mwini wake ankalidziwa bwino khosi limenelo kuposa mmene ankadziwira za m'nkhokwe yake.

Nkhanga anali nankungwi wa mbalame zonse zoikira pansi, ndipo udindo umenewu sunali wamasewera. Mwambo unkati mayi akayamba kuikira amalowa m'chikuta kutchire, ndipo malo a chisa chake sadziwika kwa aliyense, ngakhale mwamuna wake, koma kwa nankungwi yekha. Nankungwiyo ndiye ankanyamula mawere kukadyetsa mayi wofungatira mazira mpaka anapiye ataswa. Polangiza anamwali, Nkhanga sankatopa kuwakumbutsa kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Pakamwa ankatha ndithu mayi ameneyu, moti atsikana ankachoka pamaso pake akuopa ngakhale kuyasamula.

Koma munthu sakoma ponseponse. Matenda a Nkhanga anali msika. Tsiku la msika likafika miyendo inkamuyabwa kusanache. Ankapita kukagula mchere, n'kubwerako ndi lichero, mpango, kachikho kopanda ntchito ndi chipande chokongola chosati n'kuomolera, mchere ataiwala. M'nyumba mwake katundu anadzaza mpaka alendo ankachezera panja.

Chaka china pamsikapo panafika wamalonda watsopano dzina lake Likongwe, wowonda, waulemu, wopereka moni atanjuta. Kapitawo wa pamsika, bambo Nguluwe, atalandira kamtolo ka chinangwa anamupatsa malo osafunsa zambiri. Likongwe anayala mkeka n'kuikapo mikanda yofiira, yopyapyala, yonyezimira ndi mafuta, yoti palibe anaionapo. Anati ndi ya zigoba za nkhono zakutali kwambiri, kumene mbalame siingafike ndi mapiko ake. Analinso ndi kanyimbo koitanira malonda, kafupi, kokoma m'khutu, kotamanda khosi la mkazi ndi kulimvera chisoni kuti likuyenda lamaliseche. Kumapeto kwake kunali poti omvera avomere, ndipo amayi ankapezeka avomera asanadziwe n'komwe kuti atsegula pakamwa.

Woyamba kugula anali Nkhanga. Wachiwiri anali mayi Nang'omba, mkazi wa nduna, ndipo kuyambira pamenepo awiriwa sanapatsane mpata. Uyu akagula chingwe, uyu amagula chachitali kuposa cha mnzake. Malipiro a Nkhanga anali mawere, omwe aja oti azikadyetsa amayi a m'chikuta.

Nthawi imeneyo n'kuti Nkhwali atalowa m'chikuta. Anali atadikira zaka osaona mwana, ndipo chisa chimenechi ankachiyang'anira ngati diso lake. Nkhanga atafika ndi chakudya, mawere ake anali ongophimba pansi pa chikho. Nkhwali anayang'ana m'chikhomo, n'kuyang'ana pakhosi pa mkulu wake.

"Mwatchena, achemwali," anatero, n'kuyamba kudya.

Mawu ochepawo anamulowa Nkhanga kuposa chitonzo. Pobwerera analumbira kuti sagulanso mkanda, ndipo analumbira ndi mtima wonse, pakuti manyazi anali atamugwira zenizeni.

Tsiku la msika anadutsa pa mkeka wa Likongwe nkhope ataitembenuzira kwina. Likongwe ataona choncho anadula nyimbo pakati.

"Anankungwi, lero sindikugulitsani kanthu. Ndaona mapazi anu atupa. Khalani apa mupume."

"Sindigula, bambo Likongwe. Ndalumbira."

"Mwachita bwino zedi. Amayi onse akanakhala ndi mtima ngati wanu, mudzi ukanakhala pabwino. Aka ndi kabanyira chabe ka zimene munagula kale. Banyira sagula."

Asanayankhe, kachingwe kanali kali pakhosi, chidutswa cha kalilole chili kumaso. Nkhanga anadziona, lumbiro lija n'kuyamba kufewa. Ndiye Likongwe anagwada n'kuyamba kumuzula minga kumapazi, uku akudandaula kuti anthu sayamika, mayi wamkulu chonchi akuvulalira ana a eni. Anati ali ndi mankhwala a zilonda, koma mankhwala amatsata mtundu wa munga. Kodi iyi ndi minga ya mtengo wanji? Nkhanga anati ndi ya mthethe. Likongwe anapukusa mutu, nati mthethe wa kudambo ndi wa kuchulu imalasa mosiyana. Nkhanga anati ndi wa kuchulu, kuseri kwake, pamene njira imagawikana. Likongwe sanafunse za chisa ngakhale kamodzi. Anangofunsa za minga, n'kumupaka mafuta a nsatsi, n'kumutsanzika mwaulemu.

Sipanapite nthawi. Nkhwali anatsikira kumadzi kukanyowetsa kukhosi, ndipo pobwera anapeza chisa chili mbee. Mudzi wonse unasonkhana, ndipo amene analira mokweza kuposa onse anali Nkhanga. M'kati mwake munali kamawu kena kakang'ono komukumbutsa za mthethe wa kuchulu, koma iye anakakalipira kuti munga ndi munga, chisa ndi chisa. Msika wotsatira Likongwe anayala mikanda yatsopano, nyimbo ili pakamwa. Nkhanga anadziuza kuti mtima wachisoni umafuna chotonthoza, ndipo anagula.

Nkhwali anapukuta misozi n'kukaikiranso kwina. Ulendo uno Nkhanga anamanga mfundo ziwiri: kumsika sapondako, ndipo pakamwa atseka. Anakhaladi pakhomo, akumva nyimbo ija ikuchokera kutali, miyendo ikumuyabwa, iye osasuntha. Tiyeni timuyamikire pamenepo, chifukwa poti timuyamikire m'nthanoyi ndi pochepa.

Koma msika ukakhala ndi miyendo umakupeza pakhomo. Likongwe anafika kudzapepesa maliro. Anakana mpando, anakhala pansi, mutu ataweramitsa. Anati sakugona tulo poganiza kuti iye akugulitsa zokongoletsa pamene mudzi ukulira, moti waganiza zoti mawere onse amene mikanda iyi ibweretse azigawa pakati, theka lizipita kwa amayi a m'chikuta.

"Apa simukugula, Anankungwi. Mukuthandiza."

"Ndithu theka lipita kwa mng'ono wanga?"

"Munyamula nokha. Ine mwambo ndimaulemekeza, sindingafunse n'komwe kumene ali."

Nkhanga anasankha chingwe chachitali kuposa zonse, mtima uli m'malo, akudziona ngati mayi wachifundo. Likongwe anagawa mawere pamaso pake, mbali ya Nkhwali n'kuwonjezerako dzanja lina, n'kuthira m'thumba limene anabwera nalo, n'kumanga bwinobwino, n'kumusenzetsa kumsana. Thumbalo linali ndi kabowo pansi, kongokwana njere imodzi. Nkhanga anayenda mozungulira monga mwa mwambo, akucheuka kuona ngati wina akumutsata. Pansi sanayang'anepo.

Mazira achiwiri anapita ngati oyamba. Nkhwali ulendo uno sanalire n'komwe, anangokhala pambali pa chisa maso ali gwa. Nkhanga anamusiya n'kuyamba kubwerera, ndipo chifukwa cha chisoni anayenda atazolika. Apo m'pamene anaona njere. Inzake patsogolo. Inanso. Mzere wa mawere unachoka pachisa n'kulunjika njira yonse imene iye anadzera, mokhotakhota momwemo.

Nkhanga anaima. Anadziwa. Anadziwa za thumba, anadziwanso za minga. Munthu wolimba mtima akanathamangira kumudzi n'kukanena. Koma kutchula Likongwe kunali kudzitchula yekha, pakuti anthu akanafunsa kuti nanga wamalonda anadziwa bwanji njira imene amaidziwa nankungwi yekha. Anayang'ana uku, anayang'ana uku, n'kuwerama. Anatola njere imodziimodzi n'kumameza, kuyambira pachisa mpaka pakhomo pake, kuti wina asaone. Chibadwire sanadyepo chakudya chowawa ngati chimenecho, ndipo anachimaliza chonse.

Kuyambira tsiku limenelo sanagulenso kanthu kwa Likongwe, ndipo akakumana naye ankamupatuka. M'maganizo mwake Likongwe anali wakuba wodya mazira, basi. Kuti mikanda ikukhudzana bwanji ndi nkhaniyi sanafune kuganizako. Yakale ija anapitiriza kuvala, nati chogula chagulidwa, kuitaya sikungabweze mazira. Zoona zake zinali zoti sakanapirira kuti mayi Nang'omba amuone wopanda kanthu pakhosi.

Mitambo itayamba kuda, Nkhwali anabwera kwa mkulu wake ataonda, nthenga zitayoyoka. Anati waikiranso, ndipo thupi lamuuza kuti awa ndi omaliza, akapita awa ndiye kuti iye adzafa wopanda womuitana mayi. Malo anamuuza, poti mwambo unkatero, komanso poti sankadziwa chilichonse. Nkhanga anamvetsera atayang'ana pansi.

Likongwe anadziwa kuti pakamwa patsekedwa ndipo thumba lake silinganyamulidwenso. Sanade nkhawa. Mikanda yake ankaitunga dala ndi luzi losalimba, ndiye anangodikira. Tsiku lina Nkhanga akutunga madzi, chingwe chachitali chija chinaduka, mikanda n'kumwazika pafumbi. Asanathe kutola, Likongwe anali ataima pambali pake ngati wachita kumera.

"Musandilankhule, Anankungwi, ndikudziwa mwandikwiyira. Musagule, musanyamule changa chilichonse. Ndingokutungirani izi. Kukonza si kugula."

Nkhanga anasinkhasinkha. Sakulankhula, sakugula, sakusenza thumba. Choipa chili pati? Anakhala chete n'kupereka khosi. Likongwe anatunga mikanda yonse pa luzi lolimba, n'kuilukanitsa ndi zingwe zina zija, ndipo kumbuyo, m'kati mwa nthenga, anamangirirako timangenjeza ting'onoting'ono. Nkhanga atayenda anamva kulira kwake, koma anayesa ndi mikanda ikugundana, ndipo kulirako kunamukomera.

M'mawa mwake ananyamula mawere m'chikho chake chomwe, atachiyang'anitsitsa pansi, n'kulowa m'tchire. Ali pakati pa ulendo mvula yoyamba inagwa, yamphamvu. Anaphimba chikho ndi phiko n'kupitirira. Sanazindikire kuti madzi otsika pachifuwa pake anali ofiira, pakuti kufiira kwa mikanda ija kunali katondo wosakaniza ndi mafuta, ndipo mvula inali ikumutsuka.

Anapeza Nkhwali ali pamazira, atanyowa. Anaika chikho pansi. Nkhwali sanachiyang'ane.

"Achemwali, tayandikirani."

Nkhanga anayandikira. Nkhwali anatambasula khosi n'kugwira mkanda umodzi ndi mlomo, n'kuutembenuza pang'onopang'ono, monga mmene mayi amatembenuzira dzira kuti lifunde mbali zonse. Mkandawo sunalinso wofiira. Unali wotuwa, wa timadontho.

"Ili ndi dzira lija linali ndi kadontho kakakulu pambali," anatero Nkhwali motsitsa mawu. "Ndinkaliika pakati chifukwa linali laling'ono. Ili ndi la kuchulu kuja. Ili ndi la chisa chachiwiri."

Nkhwali anasiya mkandawo n'kuyang'ana mkulu wake kumaso.

"Ana anga munawagula bwanji, achemwali? Anali otchipa?"

Nkhanga akanakonda kuti Nkhwali amujomphe m'maso, amutukwane, amuthamangitse. Akanakonda nthaka ing'ambike alowemo. Miyezi yonseyi ankabwera kudzapepesa maliro atavala maliro omwewo pakhosi, akuwapukuta ndi mafuta kuti awale. Manyazi anamugwedeza thupi lonse, ndipo atanjenjemera choncho, timangenjeza tija tinalira.

"Nanga chikulirachi n'chiyani?" anafunsa Nkhwali.

Onse awiri anatchera khutu. Chapatali udzu unagwedezeka, mphepo kulibe. Nkhwali anadzipanikiza pamazira ake. Nkhanga sanatsanzike. Anatembenuka n'kuthamanga, akugwedeza khosi mwadala kuti phokoso limveke, kulowera kumene kunalibe chisa cha wina aliyense. Udzu uja unakhota n'kumutsata. Anathamanga mpaka mpweya unamuthera, ndipo ataima, Likongwe anatulukira akudzikung'untha madzi. Anayang'ana mikanda yosulukayo n'kuseka pang'ono.

"Mwandiyendetsa lero, Anankungwi."

"Ndiwe mfiti iwe."

"Mfiti ine? Zam'kati ndimadya, sindikana, mimba ndi mimba. Koma kale ndinkadya dzira limodzi n'kukagona. Kukokolola zisa zathunthu ndinayamba chifukwa makosi anu sakhuta. Ine ndimangobweretsa zimene mwaitanitsa. Munandifunsapo kuti nkhono zakezo n'zotani?"

Zoona, Nkhanga sanafunsepo. Ndipo mumtima ankadziwa chifukwa chimene sanafunsire.

Likongwe anafewetsa mawu. Anati iwo awiri ali ngati anthu odyera mbale imodzi, sibwino kutayirana ndiwo. Nkhanga akanena za mikanda, iye anena za minga ndi za thumba, ndipo unankungwi utha tsiku lomwelo. Koma akakhala chete, iye apakanso katondo mikandayo mwaulere, ndipo chisa cha Nkhwali achilambalala. Zisa n'zambiri m'tchire.

Ndikanakonda kukuuzani kuti Nkhanga anakana pomwepo. Sanakane. Anati akaganize, ndipo anapita kwawo n'kudzitsekera pakati pa malichero ndi mipango yake. Anaganizadi. Dzina lake likanapulumuka, mazira a mng'ono wake akanapulumuka, ndipo amayi ena akanalira monga amalirira kale. Koma akayang'ana madzi ofiira amene anauma pachifuwa pake ankaona kuti lonjezo la Likongwe nalo ndi katondo. Malinga ngati pamsika pali khosi lofuna mkanda, zigoba zidzafunika, ndipo tsiku lina njira ya kwa Nkhwali idzapezeka. Anayesa kuvula mikandayo kuti mwina akathe kupita ndi chakudya mwakachetechete, koma inali italukana ndi nthenga, yosatheka kuivula. Choncho sakanatha kupita kuchikuta osaitana wakuba, ndipo akapanda kupita, Nkhwali akanafa ndi njala pamazira ake.

Kutacha linali tsiku la msika. Nkhanga anafika atasenza mtsuko wa madzi, mikanda yotuwa ili poyera. Likongwe anali pakati pa nyimbo yake, amayi atazungulira mkeka. Atamuona anamutsinzinira diso, poganiza kuti wabwera kudzapaketsa katondo. Nkhanga anatula mtsuko, n'kudikira kuti nyimbo ifike povomera, ndipo m'malo movomera anaitenga yonse. Anaimba maimbidwe omwewo koma mawu ena. Nyimbo yake inkafunsa mikanda kuti inkagona kuti isanafike pamkeka, ndani ankaifunditsa, ndani ankaitembenuza. Amayi anavomera kamodzi mwachizolowezi, kachiwiri anavomera ochepa, kachitatu msika wonse unali zii.

"Mayi Nang'omba," anatero Nkhanga, "ndikupempha muviike mikanda yanu mumtsukomu."

Mayi Nang'omba anaseka, nati nsanje yafika pena. Koma anthu anali akuyang'ana, ndiye anaviika. Madzi anafiira. Atatulutsa chingwecho, Zinziri, kamayi kofatsa kamene kanataya chisa chaka chomwecho, anayandikira n'kuyang'anitsitsa, n'kukhala pansi. Amayi ena anayamba kuviika yawo, ndipo aliyense ankapeza ana ake pakhosi pa mnzake, ana a mnzake pakhosi pake. Panalibe woti aloze chala wina.

Likongwe sanathawe msanga. Anali ndi katundu mmodzi wotsala woti agulitse. Anakweza mawu n'kunena kuti iye ndi mlendo, njira za m'tchire sazidziwa, ndiye afunse nankungwi wawo kuti anamusonyeza ndani. Maso onse anatembenukira kwa Nkhanga. Likongwe anadikira kuti akane, kuti mkangano ubuke, mlandu usanduke wa mawu a uyu ndi mawu a uyu.

"Akunena zoona," anatero Nkhanga.

Anafotokoza za minga ya mthethe. Anafotokoza za thumba. Kenaka anafotokoza chimene ngakhale Likongwe sankachidziwa, kuti anaona mzere wa mawere n'kuudya wonse kuti abise, ndipo atatero anapitiriza kuvala mikanda. Ponena zimenezi sanadzutse mutu. Anamwali amene anawalangiza anali pomwepo akumva, ndipo ena mwa iwo anaphimba nkhope chifukwa cha manyazi a mphunzitsi wawo.

Atatha anakweza phazi n'kukola zingwe zija ndi zikhadabo, n'kukoka. Mikanda inakana. Anakokanso ndi mphamvu zonse, ndipo inachoka pamodzi ndi nthenga, kuyambira pachifuwa mpaka kumutu. Khosi lija ankalinyadira linatsala lofiira, lopanda kanthu, timangenjeza tili pafumbi.

Anthu atakumbukira za Likongwe anapeza mkeka wokha. Bambo Nguluwe anathamanga pang'ono kuti aoneke kuti athamanga, n'kubwerera. Likongwe anakayala malonda ake kumisika ina, koma mbiri inali itafika kale, ndipo kulikonse amayi ankamulandira ndi chikho cha madzi. Nyimbo yake inasowa woivomera. Anabwerera ku umbava wake wakale wa dzira limodzilimodzi, wozemba ndi wothamangitsidwa, umene akuchita mpaka lero.

Anthu a m'mudzi anasonkhanitsa mikanda yonse n'kuiika m'manda mwa mwambo wa maliro. Tsiku lomwelo Nkhanga anatula udindo, ndipo palibe anamuchonderera kuti aganizenso. Unankungwi unaperekedwa kwa Zinziri. Nkhanga anatulutsa malichero, mipango, zikho ndi zipande zonse zosagwira ntchito n'kukasinthanitsa ndi mawere, ndipo m'mawa uliwonse ankapereka chikho chodzaza kwa Zinziri kuti apititse kuchikuta. Njira ankaidziwa, koma sanapondeko. Kumsika ankapitabe, poti mchere sumera pakhomo, koma asanagule chinthu ankafunsa kuti chachokera kuti, wapanga ndani, ndipo ndani walira kuti chifike apa. Ankafunsa mobwerezabwereza mpaka amalonda kutopa naye, ndipo nthawi zambiri ankabwerera ndi mchere wokha. Ana ankamuseka khosi. Iye ankangodutsa.

Nyengo ya mvula ili pakati, tsiku lina Nkhanga akusesa pabwalo lake, anamva timawu kumbuyo. Anali Nkhwali, anapiye ali pambuyo pake. Chichokere tsiku la mvula lija awiriwa anali asanaonane. Nkhanga anagwetsa tsache n'kuyang'ana pansi.

Nkhwali anakhala pakhonde osadikira kuuzidwa. Anatulutsa kansalu kakang'ono, nati kukuzizira, aphimbe pakhosipo.

"Lisiye likhale choncho, mng'ono wanga," anatero Nkhanga. "Ndikaliphimba ndiiwala."

Kamwana kena, kakang'ono pa onse, kanayandikira n'kuyang'anitsitsa. Kanafunsa mayi ake kuti n'chifukwa chiyani amayi aakulu alibe nthenga pakhosi. Nkhwali anauza anawo kuti apereke ulemu, chifukwa khosi limenelo ndi mtengo umene amayi awo aakulu analipira kuti iwo aswe.

Anali mawu achifundo, ndipo Nkhanga akanatha kuwalandira n'kupuma. Koma anali atatopa ndi zinthu zopakidwa katondo. Anawerama mpaka mutu wake unafanana ndi wa kamwanako.

"Mayi ako akundikomera mtima," anatero. "Ili ndi khosi limene linavala akulu ako. Ukadzaona chinthu chokongola pamkeka, udzayambe wafunsa kuti chinali mwana wa yani."

Nkhwali sanatsutse. Anapinda kansalu kaja n'kukabweza, ndipo anakhala pakhondepo mpaka anawo atatopa kusewera.

Nthenga za pakhosi pa Nkhanga sizinamerenso, ndipo zidzukulu zake zonse zimabadwa choncho. Yathera pamenepa, amene anakwirira mbatata paphulusa akaione isanapserere.